Kaputeni amene adakana kulandira mendulo yekha

Masana a pa 3 Julaye 1879, asilikali apakavalo pafupifupi 500 a boma la Britain adaoloka mtsinje wa White Mfolozi m'dziko la Azulu, ku South Africa. Sadapitire kukamenya nkhondo tsiku limenelo. Adawatuma kukazonda malo oti gulu lalikulu la nkhondo lidzaimepo m'mawa mwake pothira nkhondo likulu la Mfumu Cetshwayo ku Ulundi. Mtsogoleri wawo adali Redvers Buller, koma amene adali patsogolo penipeni adali kaputeni wina wa ku Ireland wa zaka 31, Lord William Beresford. Anzake ankangomutchula kuti Bill.

Atalowa m'chigwa, adaona Azulu ochepa akuthawa ndipo adayamba kuwathamangitsa. Sadadziwe kuti imeneyo idali nyambo. Mu udzu wautali kutsogolo kwawo mudabisala ankhondo pafupifupi 4,000, ndipo amene adatchera msamphawo adali Zibhebhu kaMaphitha, mmodzi wa akatswiri a nkhondo a mfumu. Buller adanunkhiza kuti pali chiwembu, n'kulamula kuti onse aime. Nthawi yomweyo udzu udasanduka anthu. Mfuti zidalira, amuna angapo adagwa pa akavalo, otsala onse adatembenuka kuliyatsa liwiro lolowera kumtsinje.

Mmodzi wa ogwawo adali Sajeni Fitzmaurice. Kavalo wake adagwa n'kumupsinja, ndipo adatsala pansi ali wovulala, mutu uli zwee, Azulu akubwera chothamanga. Beresford adacheuka, adamuona, n'kubweza kavalo wake. Atafika adatsika, n'kumuuza kuti akwere. Sajeniyo adakana. Adauza bwana wakeyo kuti adzipulumutse yekha, chifukwa padalibe nzeru kuti afe awiri pamene akadafa mmodzi. Mtolankhani Archibald Forbes wa nyuzipepala ya Daily News, amene adali kunkhondoko, adalemba kuti Beresford adakunga chibakera n'kuopseza wovulalayo kuti amuswa nacho mutu akapanda kukwera. Adamukankhira pa kavalo, iye n'kudumphira pomwepo, awiri pa nyama imodzi.

Pamenepa akadafa onse. Fitzmaurice ankataya magazi ndipo ankangoti pendapenda, osatha kudzigwira, kotero adatsala pang'ono kugwetsa womupulumutsayo. Ndiye padabwerera munthu wachitatu, Sajeni Edmund O'Toole wa gulu la Frontier Light Horse. Iyeyu adayamba waombera Azulu amene adayandikira, kenaka adasiya mfuti n'kuyendetsa kavalo wake moyandikana ndi wa Beresford, akuchirikiza wovulalayo ndi dzanja mpaka adafika kwa anzawo. Onse atatu adaoloka mtsinje ali moyo.

Zonsezi zidatenga mphindi zowerengeka, koma ndi zimene zidachititsa kuti dzina la Beresford lizikumbukiridwa. Kuti timvetse chifukwa chimene Angerezi adazikwezera chotere, tiyenera kudziwa munthuyo komanso manyazi amene dziko lake lidali nawo chaka chimenecho.

Beresford adabadwa pa 20 Julaye 1847 ku Ireland, m'banja la eni minda ikuluikulu. Bambo ake adali m'busa wa mpingo amene pambuyo pake adalowa ufumu wa banjalo, udindo wotchedwa Marquess of Waterford. Ana aamuna a pakhomopo adatchuka ndi kusaopa komanso msunamo ukawafikira: Charles adadzakhala mkulu wa asilikali apamadzi, Marcus adadzayang'anira mahatchi ampikisano a mwana wa mfumukazi. William adaphunzira ku Eton, sukulu ya ana a anthu olemera, ndipo m'chaka cha 1867 adalowa gulu la apakavalo la 9th Lancers, asilikali omenya nkhondo ndi mikondo italiitali ali pamsana pa kavalo.

Masiku amenewo udindo wa usilikali ku Britain unkagulidwa ndi ndalama, ndipo mchitidwewu udatha mu 1871. M'magulu a apakavalo ndiye zidali zonyanya. Munthu ankafunika kukhala ndi chuma chakechake chogulira mahatchi, zovala ndi zakumwa, pakuti malipiro okha sakadakwanira. Mwana wa mmphawi, kaya akhale wolimba mtima chotani, kawirikawiri ankathera pa usajeni. Mfundo imeneyi muisunge, awerengi, tidzaifuna kutsogoloku.

Mu 1875 Beresford adapita ku India, komwe adakhala wothandizira bwanamkubwa woimira mfumukazi m'dzikolo. Ntchito ya muofesi sidamukhazike pansi. Kukamveka nkhondo ankapempha tchuthi n'kuthamangirako. Adamenya nawo nkhondo yolimbana ndi anthu a mtundu wa Jowaki kumalire a kumpoto, ndipo mu Novembala 1878 adali pomwepo pamene Angerezi ankalanda linga la Ali Masjid pa mpata wa Khyber, polowera ku Afghanistan. Atamva zimene zidachitika ku Africa kumayambiriro a 1879, adapemphanso chilolezo n'kukwera sitima ya pamadzi.

Nkhondo imene ankathamangirayo idali yoputa dala. Pa 11 Disembala 1878, Sir Bartle Frere, mkulu woimira Britain ku South Africa, adapatsa Cetshwayo masiku 30 kuti athetse gulu lake lankhondo ndi kulola mzungu kudzakhala m'dziko lake ngati womuyang'anira. Palibe mfumu imene ikadavomera zimenezo, ndipo Frere ankadziwa. Pa 11 Januwale 1879 asilikali a Lord Chelmsford adalowa m'dziko la Azulu akuganiza kuti ndi ulendo wa masabata ochepa. Pa 22 Januwale, patsinde pa phiri la Isandlwana, Azulu onyamula nthungo ndi zishango zachikopa adafafaniza msasa wonse n'kupha anthu oposa 1,300. Ambiri mwa azungu amene adafa pamenepo adali a gulu la 24th Regiment, gulu lomwelo la Sajeni Fitzmaurice. Kwa ife kuno nkhaniyi si yakutali kwenikweni, pakuti chigawo chimenecho ndi komwe makolo a Angoni adachokera asadaoloke Zambezi ndi Zwangendaba mu 1835. Amene adaonapo chishango cha ovina ingoma ali nacho chithunzi cha zimene asilikali a Chelmsford adakumana nazo.

Kugonja kokha sikudali manyazi onse. Mu Malichi, pa mtsinje wa Ntombe, Azulu ataukira msasa wina mbandakucha, mkulu wa asilikali Henry Harward adakwera kavalo n'kuthawa, ati kukaitana thandizo, kusiya anyamata ake oyenda pansi m'manja mwa sajeni. Pa 1 Juni padachitika zoopsa kuposa apo. Louis Napoleon, mwana yekhayo wa mfumu yochotsedwa ya ku France, mnyamata wa zaka 23 amene adabwera ngati mlendo wa asilikali a Britain, adapita kukazonda ndi kagulu kochepa. Azulu atawadzidzimutsa, lamba wa chishalo chake adaduka akuyesa kukwera, ndipo anzake adathawa osacheuka. Adafa atayang'anizana ndi adani ake, mabala onse ali kutsogolo. Jahleel Carey, mkulu amene adali naye, adazengedwa mlandu m'khoti la asilikali. Chigamulo chidafafanizidwa pambuyo pake, koma dzina lake silidayerenso.

Choncho ku London funso lidali pakamwa pa aliyense: kodi mabwana okwera akavalowa, amene amadya bwino ndi kuvala bwino, zikavuta amangodzipulumutsa okha? Patangotha mwezi umodzi chifere Louis Napoleon, kudamveka za mwana wa banja lachifumu amene adabweza kavalo wake chifukwa cha sajeni wamba. Boma lidaipeza nkhani imene linkaifuna. Sindikunena izi pofuna kupeputsa zimene Beresford adachita. Pobwerera paja sankaganiza za nyuzipepala, ankaona munthu ali pansi ndi nthungo zikuyandikira. Koma liwiro limene mendulo yake idabwerera likusonyeza kuti akuluakulu adali ndi ludzu.

Mendulo yake idali Victoria Cross, ulemu waukulu kuposa wina uliwonse umene msilikali wa Britain angalandire chifukwa cha kulimba mtima pamaso pa adani. Idakhazikitsidwa mu 1856, nkhondo ya ku Crimea ili kumapeto. Ndi kamtanda kamkuwa kosawala, kopanda golide, ndipo lamulo lake lidati kadzaperekedwa posayang'ana udindo wa munthu. Pa nkhondo ya Azulu yokha adapereka 23, ndipo 11 mwa izo zidapita kwa amene adateteza kamsasa ka Rorke's Drift usiku wotsatira tsoka la Isandlwana. Ngakhale Sir Garnet Wolseley, kazembe amene adatumidwa kukalowa m'malo mwa Chelmsford, adang'ung'udza kuti mendulo zikuperekedwa mowolowa manja kwambiri.

Mu Ogasiti 1879 Beresford adaitanidwa ku Osborne House, nyumba ya Mfumukazi Victoria, kuti akalandire yake. Dzina la O'Toole silidali pa mndandanda. Malinga ndi Forbes, kaputeniyo adauza mfumukazi mwaulemu kuti sangalandire ulemuwo ndi mtima woyera ngati sajeni uja sapatsidwa nawo, chifukwa O'Toole ndiye adachita zazikulu kuposa iye. Mu Okutobala chaka chomwecho boma lidalengeza kuti Sajeni Edmund O'Toole walandira Victoria Cross.

Kwa ine apa ndiye pali mutu wa nkhani. Kubwerera mu udzu muja kudafuna mtima wa mphindi imodzi, ndipo magazi akatentha amuna ambiri amachita zodabwitsa. Kunyumba ya mfumukazi kudalibe nthungo. Kudali kapeti, ulemu ndi anthu omuyamikira, ndipo chapafupi chidali kugwada, kuthokoza, n'kutuluka. Palibe akadamudzudzula. O'Toole adali kutali ku Africa, msilikali wa gulu la anthu ongolembedwa pa nthawi ya nkhondo, wopanda m'bale m'nyumba ya malamulo. Tonse timawadziwa mabwana amene ntchito ikayenda bwino amati "ndachita", ikalakwika amati "anyamatawa". Beresford adagwiritsa ntchito dzina la banja lake, lomwe lidamutsegulira khomo la mfumukazi, kulowetsa munthu amene khomolo silikadamutsegukira. Ndipo zimene adanenazo zidali zoona. Popanda O'Toole, bwenzi tikukamba za mitembo iwiri.

Tsiku lomwelo la 3 Julaye padalinso wina amene adabwerera. Kaputeni Cecil D'Arcy adatsika kuti anyamule msilikali wotchedwa Raubenheim, koma kavalo adawagwetsa onse awiri, D'Arcy adapweteka msana, ndipo adalephera kumukwezanso. Adachoka Azulu atafika pafupi, Raubenheim n'kuphedwa. Naye D'Arcy adalandira Victoria Cross. Apa adaweruza bwino, chifukwa kusiyana kwa iye ndi Beresford kudali khalidwe la kavalo basi.

Komabe mendulo ili ndi diso limodzi. Msampha usadafwamphuke tsiku lija, nduna ina ya Azulu idaima njira ya Beresford ili ndi nthungo ndi chishango. Munthu woyenda pansi adadikira kavalo wothamanga osasuntha. Beresford adaphepetsa nthungoyo ndi lupanga, n'kubaya kupyola chishango mpaka pamtima. Angerezi adaisimba nkhaniyi mokondwa ngati ya ulenje. Munthuyo ankateteza mudzi wa mfumu yake kwa alendo amene adabwera osaitanidwa, ndipo kulimba mtima kwake sikudachepe ndi kwa amene adamupha. Iye sadalandire kanthu.

M'mawa mwake, pa 4 Julaye, Chelmsford adaolotsa asilikali oposa 5,000. Cetshwayo adali atatumiza kale amithenga opempha mtendere, atanyamula minyanga ya njovu ndi ng'ombe, ngakhalenso lupanga la Louis Napoleon adalibweza. Chelmsford sadafune kumva, pakuti Wolseley adali m'njira ndipo iye ankafuna kutsuka dzina lake asadalandidwe udindo. Adaimika anthu ake ngati khola la ngodya zinayi, mizinga ndi mfuti za Gatling zili m'mbali. Azulu adathamangira moto umenewo ndipo palibe adafika poti n'kubaya. Nkhondo idatha isadakwane ola limodzi. Apakavalo a 17th Lancers adatuluka kukapha othawa. Angerezi adataya anthu osapitirira 20, Azulu adafa mazanamazana. Beresford adathamangitsa kavalo wake n'kukhala woyamba kulowa m'mudzi wa mfumu, umene adautentha tsiku lomwelo, ndipo kuyambira pamenepo ankamutcha Ulundi Beresford. Dzina limeneli ankalinyadira. Ife tikalimva tiyenera kukumbukiranso utsi wa nyumba zija.

Cetshwayo adagwidwa pa 28 Ogasiti m'nkhalango ya Ngome n'kutumizidwa ku Cape Town. Wolseley adagawa dzikolo kwa mafumu 13, ndipo mmodzi wa iwo adali Zibhebhu yemwe uja adatchera msampha. Mu 1882 Cetshwayo adapita ku England kukadandaula, ndipo adakumana ndi Mfumukazi Victoria ku Osborne komweko kumene Beresford adalandirira mendulo. Adamulola kubwerera, koma mu Julaye 1883 Zibhebhu adaukira Ulundi n'kupha nduna zambiri za mfumu. Cetshwayo adamwalira ku Eshowe mu Febuluwale 1884.

Diso limodzi la mendulo lidaonekanso pa asilikali akwathu. Mu Okutobala 1902, pa nkhondo ya ku Erego ku Somaliland, Alexander Cobbe wa King's African Rifles, gulu limene mudali asilikali ochokera kuno, adalandira Victoria Cross, mwa zina chifukwa chonyamula wovulala pakati pa zipolopolo. Adaiyenera. Koma pa zaka zonse za gululi, kuphatikizapo nkhondo ziwiri zikuluzikulu za dziko lonse, palibe msilikali wakuda wa KAR ndi mmodzi yemwe amene adaipatsidwa. Asilikali a ku India adayamba kuloledwa kuilandira mu 1911. Akwathu adali ndi mendulo zawozawo zapansi, ndi chipilala chija cha ku Zomba.

Beresford adabwerera ku India, ndipo moyo wake wotsala udali wa mtundu wina. Kwa zaka zoposa khumi, mpaka 1894, adali mlembi wa zausilikali wa abwanamkubwa atatu otsatizana: Ripon, Dufferin ndi Lansdowne. Dzina la udindowo lisakunamizeni. Ntchito yake idali kuyendetsa nyumba ya bwanamkubwa: maulendo, madyerero, misonkhano ndi mafumu a ku India, ndani akhale pati ndipo alowe nthawi yanji. Ankaitha kwambiri, n'chifukwa chake aliyense wobwera ankamusunga. Koma mtima wake udali pa mahatchi. Adakonzetsa bwalo la Annandale ku Simla, tawuni ya kumapiri komwe boma linkasamukira nyengo yotentha, ndipo mahatchi ake adapambana kangapo chikho cha Viceroy's Cup ku Calcutta. Ankakwera yekha m'mipikisano yodumpha mipanda, kugwa, kuthyoka mafupa, kuchira, n'kukweranso. Ndalama zinkalowa ndi kutuluka ngati madzi a m'dengu, pakuti ankakonda kubetcha.

Atapuma ntchito adakwatira mu 1895 mayi wina wolemera wa ku America, Lilian, amene adali mkazi wamasiye wa Duke of Marlborough. Adakhazikika m'nyumba yaikulu yotchedwa Deepdene, pafupi ndi Dorking kumwera kwa London. Malemu mwamuna wa mayiyu adali mkulu wawo wa bambo a Winston Churchill, kotero Winston, amene panthawiyo adali kamsilikali kapakavalo kongoyamba kumene, ankabwera pakhomopo kawirikawiri ndipo ankamutenga Beresford ngati chitsanzo. Ndi pakhomo pomwepa pamene adakumana ndi kazembe Sir Bindon Blood n'kumupempha kuti akadzatsogolera nkhondo ku India adzamutenge. Mu 1897 zidatheka ku Malakand, ndipo buku loyamba la Churchill lidachokera pa ulendo umenewo.

Ku England Beresford adagwirizana ndi mkulu wa fodya wa ku America, Pierre Lorillard, n'kubweretsa mahatchi ndi wokwera wotchuka Tod Sloan, amene ankakwera atanyonyomala pakhosi pa hatchi. Angerezi adayamba ndi kumuseka, kenaka onse adatengera. Mu 1899 hatchi yake yaikazi, Sibola, idapambana mpikisano waukulu wa 1,000 Guineas. Koma thupi lidali litatopa. Adagwanso koopsa pa uzimba zaka zochepa m'mbuyomo, ndipo sadabwererenso mwakale. Adamwalira ku Deepdene pa 28 Disembala 1900 ali ndi zaka 53, ndipo adakamuika kumanda a makolo ake ku Clonegam, m'boma la Waterford ku Ireland. Patangopita miyezi isanu, Volodyovski, hatchi imene idali m'khola lake, idapambana Derby, mpikisano umene ankaulakalaka moyo wake wonse, ili m'manja mwa munthu wina. Mwana wake mmodzi yekha, wobadwa mu 1897, adamwalira mu 1919.

O'Toole sadaone nyumba ngati Deepdene. Adatsala kummwera kwa Africa ndi kamtanda kake kamkuwa, ndipo mu 1890 adalowa gulu la Pioneer Column limene Cecil Rhodes adatumiza kukalanda dziko la Ashona. Adamwalira chaka chotsatira, 1891, ku Salisbury, mzinda umene lero timautcha Harare.